Mubweranso Lachinayi?

Kabasi kathu kankanyamuka 9:40 m'mawa pakhomo la nyumba ya maphunziro a uphunzitsi, ndipo ntchito yanga yoyamba inali kuwerenga mitu ngati kondakitala wa minibasi ya ku Limbe. Kusiyana kwake n'koti ine sindinkaitanira. Ndinkangokhala pachiwongolero injini ikulira, maso ali pafoni. Mipando inalipo 12. Tsiku labwino ankakwera anthu khumi. Tsiku limene kunali mayeso a chemistry ankakwera asanu ndi mmodzi, ndipo foni inkayamba kunjenjemera 9:30 isanakwane: pepani ndili ndi lab, pepani ndadzuka ndi chimfine, pepani ndagonereza. Onse ankapepesa bwino, ana aulemu ndithu. Koma uthenga uliwonse unkatanthauza ana awiri kapena atatu a giredi 4 amene akhala patebulo laling'ono m'laibulale ya sukulu ina kutsidya kwa mtsinje, mapensulo atasongola kale, akuyang'ana kuchitseko.

Ntchitoyi ndinaigwira zaka ziwiri, kuyambira Ogasiti 2022 mpaka Meyi 2024, ndikuchita maphunziro anga pa yunivesite ina ya boma chapakati pa America, kumene sinowo amagwa mpaka Malichi. Papepala ndinali wothandizira kuyendetsa mgwirizano wa pakati pa yunivesite yathu ndi school district ya mumzindawo, wotumiza ophunzira athu kukathandiza ana otsalira pa masamu ndi kuwerenga. Kunena zoona zake, ndinali dalaivala, mlembi wa kaundula wa ojomba, ndiponso munthu wopepesa kwa ana m'malo mwa anthu ena.

School district ndi chinthu chimene kwathu tilibe, ngakhale dzinalo limamveka ngati ofesi ya maphunziro ya paboma. Kwathu mphunzitsi wa ku Chitipa ndi wa ku Nsanje amalandira malipiro kuchokera thumba limodzi, amaphunzitsa silabasi imodzi. Ku America kuli ma district oposa 13,000, ndipo iliyonse ili ngati kaboma kakang'ono ka sukulu: ili ndi bodi yake, nthawi zambiri yosankhidwa pavoti, imalemba yokha aphunzitsi, imakonza yokha kalendala, ndipo gawo lalikulu la ndalama zake limachokera pa msonkho wa nyumba ndi malo a m'deralo. Dera la nyumba zodula limakhala ndi sukulu zonona. Dera limene mafakitale anatseka limakhala ndi sukulu ngati imene ndinkapitako ine, kumene pafupifupi mwana aliyense ankadya chakudya chaulere cha masana chifukwa cha kuchepekedwa kwa makolo. Kuchoka pa yunivesite kukafika pasukulupo inali mphindi 15 pagalimoto, koma ophunzira ambiri amene ndinkawanyamula anali asanawolokepo mlatho umenewo chibwerere mumzindawo.

Ophunzirawo ankalipidwa kudzera mu ndondomeko ya boma yotchedwa Federal Work-Study, imene imapatsa ophunzira ochokera m'mabanja osowa ganyu ya maola ochepa pa sabata. Ine wobwera ndi visa ya sukulu sindinkaloledwa kudya nawo ndalama imeneyo. Yanga inkachokera ku thumba lina, ndipo lamulo la visa linkandiletsa kupitirira maola 20 pa sabata. Maola 20 amenewo ankatha Lachinayi masana. Zotsalazo ndinkangochita mwa chikondi, kapena ndinene kuti mwa mantha oti zinthu zingagwe.

Nditawafotokozera amayi pafoni, anaseka mpaka kutsokomola. Amayi anaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri ku Dedza asanapume.

"Ndiye mwana iwe, wapita kutali konseko kukayendetsa minibasi?"

"Ayi amayi, si choncho. Ndimatenga ophunzira a ku yunivesite kuti akathandize ana masamu ndi kuwerenga."

"Nanga aphunzitsi awo apita kuti? Akudwala?"

"Alipo amayi. Kungoti ana ena anatsalira."

"Oo, ndi part time eti. Amalipira zingati pamutu?"

Nditanena kuti makolo salipira kalikonse, anakhala chete pang'ono. Kwathu part time tonse tikuidziwa. Malemu bambo ankachititsa yawo pakhonde tikayandikira mayeso a Sitandade 8, ana atakhala pamphasa, ndipo makolo ankalipira ndi chimene ali nacho, ena ndalama, ena mbale ya nyemba. Mwana wa munthu wopanda nyemba ankatsala. Chimene chinawadabwitsa amayi n'choti boma lingatulutse ndalama kuti mwana wotsalira yemweyo ndiye akhale ndi munthu wakewake, mkati mwa nthawi ya sukulu. Kenako anandifunsa funso limene panthawiyo ndinaliona ngati laling'ono. "Ana a ku yunivesitewo amakhalitsa? Paja mlendo ndi mame."

Ndalama zinalipo zambiri zaka zimenezo chifukwa cha Covid. Sukulu zambiri za ku America zinatseka mu Malichi 2020, ndipo m'mizinda ina ana anakhala chaka chathunthu akuphunzira pa kompyuta. Zotsatira za mayeso a dziko lonse otchedwa NAEP zitatuluka mu 2022, masamu anatsika kuposa nthawi ina iliyonse chiyambire mayesowo: mapointi 5 ku giredi 4 ndi mapointi 8 ku giredi 8. Boma linali litaika kale pafupifupi $122 biliyoni ya sukulu mu lamulo la American Rescue Plan la 2021, ndipo district iliyonse inayenera kugwiritsa ntchito 20 peresenti kapena kuposerapo pobwezeretsa zimene ana anataya. Mu Julayi 2022 boma la Joe Biden linalengeza kuti likufuna anthu enanso 250,000 oti akhale ma tutor, ndiye kuti ophunzitsa mwana payekha kapena m'kagulu kakang'ono, ndi alangizi a ana. Anthu ochuluka chonchi, ophunzira, osadula, okhala ndi mpata masana, mungawapeze kuti? Aliyense analoza ku yunivesite.

Ndipo sikuti ankangolota. Umboni ulipo, ndipo ndi wolimba kuposa wa zinthu zambiri zimene timachita m'masukulu. Mu 2020 akatswiri atatu, Andre Nickow, Philip Oreopoulos ndi Vincent Quan, anasonkhanitsa kafukufuku 96 wosiyanasiyana, yense wa mtundu umene ana amasankhidwa mwa mayere, ena alandire thandizo ena asalandire, kuti pasakhale kunamizana. Anapeza kuti kuphunzitsa mwana payekha kapena m'kagulu kakang'ono kumakweza kwambiri kakhozedwe kake. Ku Chicago, kuyambira chaka cha sukulu cha 2013, akatswiri a University of Chicago anatsatira anyamata a giredi 9 ndi 10 amene ankapatsidwa tutor mmodzi pa ana awiri, tsiku lililonse, pafupifupi ola lathunthu la masamu. Anyamata amene anthu anali atawataya kale anayamba kukhoza, ndipo olephera masamu anachepa kwambiri. Ntchito imeneyo ndi imene lero ikudziwika ndi dzina loti Saga Education. Mtengo wake unali pafupifupi $3,800 pa mwana mmodzi pachaka.

Pamwambo wosainira mgwirizano wathu aliyense anatchula za Chicago. Panali makeke, akuluakulu a yunivesite ndi a district anagwirana chanza, wojambula anatiuza kuti tiyandikane. Palibe amene anatchula timawu ting'onoting'ono ta m'kafukufuku yemweyo. Ma tutor a ku Chicago anali omaliza kale maphunziro, olembedwa ntchito ya tsiku lonse kwa chaka chathunthu, ndipo mwana ankakumana ndi munthu yemweyo kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Kafukufuku wa anthu atatu aja anaonetsanso kuti zinthu zimayenda bwino kwambiri ngati wophunzitsayo ndi mphunzitsi kapena wothandizira wolembedwa ntchito kusiyana ndi wongodzipereka, ngati zikuchitika nthawi ya sukulu osati ana ataweruka, ndiponso ngati zikuchitika katatu pa sabata kapena kuposerapo. Ife tinali ndi ana a zaka 19 amene ntchito yawo yeniyeni inali kukhoza mayeso awo.

Vuto loyamba linali kudinda zala. Munthu saloledwa kukhala ndi ana a sukulu asanafufuzidwe ngati alibe mlandu, ndipo n'zoyenera. Koma ana a district anatsegulira kumapeto kwa Ogasiti, sabata yomwe ophunzira athu ankafika kumene ndi masutikesi awo. Kulengeza ntchito, kufunsa mafunso, kudikira ofesi ya zandalama itsimikize kuti uyu ndi woyeneradi work-study, kudinda zala, kudikira yankho, kuwaphunzitsa masiku awiri a Loweruka, zonsezi zinatifikitsa sabata yachiwiri ya Okutobala. Kumapeto kwa Novembala kuli tchuthi cha Thanksgiving, ndipo ophunzira amayamba kuthawa Lolemba lake. Sabata yoyamba ya Disembala maganizo onse ali pa mayeso omaliza semesita, kenako yunivesite imatseka pafupifupi mwezi wathunthu, pamene ana a pulayimale amapuma masabata awiri okha. Tikabwerera pakati pa Januwale, aliyense ali ndi taimutebulo yatsopano. Mu Malichi yunivesite ili ndi sabata yake yopuma, district ilinso ndi yake, ndipo masabata awiriwa sankagwirizana. Mu Epulo ana akulemba mayeso a boma ndipo laibulale yathu imasanduka chipinda cha mayeso. Sabata yoyamba ya Meyi ophunzira athu apita, ana atsala mpaka Juni.

Chaka cha sukulu ku America chimakhala ndi masiku pafupifupi 180, masabata 36. Usiku wina ndinatenga makalendala awiriwa, wa yunivesite ndi wa district, n'kuwayala patebulo la kukhitchini ndi cholembera chofiira. Masabata amene tonse tinalipo, opanda chotchinga, sanafike 20. Ndipo munali kanthu kena kamene munthu wosakhala pa yunivesite sangakaganizire: maphunziro ambiri kumeneko amagawidwa m'magulu awiri, a Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, ndi a Lachiwiri ndi Lachinayi. Wophunzira amene ali ndi mpata 10 koloko Lachiwiri amakhala nawonso Lachinayi, koma Lachitatu ali m'kalasi. Choncho mwana wa tutor wotereyu ankatha kukhala ndi munthu mmodzi kawiri pa sabata, kapena katatu koma ndi anthu awiri osiyana. Mapepala a mgwirizano ankafuna katatu. Za munthu mmodzi sankanenapo kanthu.

Panali mnyamata wina wa giredi 4 amene sankavula jekete, ngakhale m'laibulale mutenthe bwanji. Masabata awiri oyamba sanayankhe funso lililonse. Ankangozunguza pensulo n'kumayang'ana wotchi ya pakhoma. Tutor wake anali mtsikana wa chaka chachiwiri cha uinjiniya, wochokera kumudzi wa alimi a chimanga, wosalankhulalankhula nayenso. Ndinkaona ngati ndalakwitsa kuwaphatikiza, anthu awiri osayankhula patebulo limodzi.

Tsiku lina ndinakhala kumbuyo kwawo ndikulemba kaundula. Anali pa mafulakishoni. Mtsikanayo analemba 1/3 ndi 1/4 n'kufunsa kuti chachikulu n'chiti. Mnyamatayo analoza 1/4 ndi pensulo, osadzutsa mutu. Mtsikanayo sananene kuti walakwa. Anang'amba timapepala tiwiri totalika mofanana, n'kumupatsa kamodzi kuti akapinde panayi, iye n'kupinda kake patatu. Kupinda pepala patatu n'kovuta, ndipo anayesa kawiri likukana. Mnyamatayo anaseka pang'ono, koyamba kumumva. Atamaliza anang'amba chidutswa chimodzi pa kapepala kalikonse n'kuziika moyandikana. Mnyamatayo anaziyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga chidutswa chake chachifupi chija, n'kuchitembenuza, ngati kuti mwina mbali inayo chikhala chachitali.

"Koma 4 ndi wamkulu," anatero.

"Inde, ndi wamkulu. Anthu anayi ndi ambiri kuposa atatu. Nanga akamagawana pizza imodzi?"

Anakhala chete. Kenako anati, "Amalandira zochepa." Ndipo anawonjezera yekha, "Kwathu tilipo asanu."

Palibe chachilendo pamenepa. Mphunzitsi aliyense wa Sitandade 4 anachitapo zoterezi ndi nzimbe kapena chigumu. Mphunzitsi wa mnyamatayo ankazidziwa bwino kuposa mtsikana wa uinjiniyayo. Chimene analibe ndi mphindi zisanu zodikira mwana mmodzi atembenuze kapepala, pamene ena 25 akumufuna. Belu litalira, mnyamatayo anaika tizidutswa tija m'thumba la jekete, anayenda mpaka pachitseko, n'kutembenuka. "Mubweranso Lachinayi?" Mtsikanayo anati inde. Kuyambira tsiku limenelo ankafunsa funso lomwelo nthawi iliyonse. Lachiwiri ankafunsa za Lachinayi, Lachinayi ankafunsa za Lachiwiri. Mtsikanayo sanajombepo ngakhale tsiku limodzi semesita yonseyo, ngakhale tsiku limene anabwera ndi buku la thermodynamics n'kumaliwerenga m'kabasi.

Mu Januwale ndinachita chinthu chimene mpaka lero chimandidya mumtima. Lipoti lathu la semesita yoyamba linaonetsa kuti ana ambiri sankafika katatu pa sabata, ndipo a ku district, amene nawonso ankayenera kufotokozera boma za ndalama zake, anafuna kuti nambala imeneyo ikwere. Taimutebulo yatsopano ya mtsikana uja inali ndi mpata Lachiwiri ndi Lachinayi, koma masana, nthawi imene kalasi ya mnyamatayo imakhala ku masewera olimbitsa thupi. Ndikanatha kupita kwa mphunzitsi wake n'kukambirana. Ndikanatha kuyendetsa kabasi kawiri. M'malo mwake ndinatsegula Excel, ndinaona kuti ndikamupatsa tutor wina wa Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ndiye kuti bokosi lake lisanduka lobiriwira, ndipo mtsikanayo ndinamusamutsira kwa ana ena a giredi 5. Zinanditengera masekondi osakwana khumi. Tutor watsopanoyo anali mnyamata wabwino, wansangala, wophunzira uphunzitsi weniweni. Pa tsiku loyamba mwana uja anamuyang'ana, anandiyang'ana ine, n'kufunsa kuti mtsikana uja ali kuti. Ndinamuuza kuti ali ndi makalasi ena. Anati, "Anati abweranso." Ndipo anabwerera ku pensulo yake ndi wotchi ya pakhoma. Mu lipoti la mu Meyi iye anali m'gulu la ana amene tinawafikira mokwanira.

Mphunzitsi wake ndi amene anandidzudzula, mayi wachikulire amene anali ataphunzitsa pasukulupo zaka zoposa 20. Sanakweze mawu. Anandiimitsa pakhonde n'kundiuza kuti mwana ameneyu wasamuka nyumba katatu chaka chimodzi, ndipo akuluakulu amene anamulonjeza kuti abweranso n'kubweradi ndi owerengeka. Anandiuzanso zimene aphunzitsi ankanena m'chipinda chawo za ife a ku yunivesite. Chaka chilichonse kumabwera gulu latsopano ndi malaya ofanana ndi dzina latsopano la pulojekiti. Amatenga ana pakati pa phunziro, osafunsa kuti mwanayo akuphonya chiyani. Amabweretsa njira yawo yochotsera ndi yogawira yosiyana ndi imene mwana akuphunzira m'kalasi, ndipo mwanayo amabwerera atasokonezeka kuposa kale. Amapempha zotsatira za mayeso a ana kuti alembe mapepala awo a kafukufuku, ndipo mapepalawo aphunzitsi sawaona. Ndinafuna kudziteteza, koma zitatu mwa zinthu zinayizo tinali titachita ife.

Apa mpamene ndinayamba kuona kuti mbali ziwirizi zimalowa mumgwirizano ndi njala zosiyana. Yunivesite imafuna malo oti ophunzira ake a uphunzitsi aziyeserapo, imafuna kafukufuku, imafuna chithunzi chabwino choonetsa kuti imakonda anthu oyandikana nawo, makamaka m'mizinda imene anthu amadandaula kuti yunivesite ili ndi malo aakulu koma silipira msonkho wa malo. Palinso lamulo: kuyambira 2000, yunivesite iliyonse yolandira ndalama za work-study imayenera kugwiritsa ntchito 7 peresenti yake pa ntchito zothandiza anthu a m'dera, ndipo mwa ntchitozo payenera kukhala yophunzitsa ana kuwerenga. District imafuna manja otsika mtengo, zotsatira zokwera pa mayeso a mu Epulo, ndiponso chiyembekezo choti ena mwa achinyamatawa adzabwera kudzapempha ntchito ya uphunzitsi, poti aphunzitsi akusowa. Zonsezi si zoipa. Koma palibe chimodzi mwa izo chimene chimafuna kuti munthu yemweyo akhale pampando womwewo Lachinayi.

Maganizo amenewa si a dzulo. Bill Clinton analengeza America Reads mu 1996, ndipo kuyambira 1997 boma linavomera kulipira malipiro onse a wophunzira wa work-study amene akuphunzitsa ana kuwerenga, m'malo moti yunivesite iziperekako gawo lake monga zimakhalira pa ntchito zina. Masamu anadzawonjezedwa pambuyo pake. Chifukwa cha kalamulo kameneko, mayunivesite ena akhala akutumiza ophunzira ku sukulu zomwezomwezo kwa zaka zoposa 25. University of Pennsylvania inakhazikitsa mu 1992 ofesi imene lero imatchedwa Netter Center, yogwira ntchito ndi sukulu za ku West Philadelphia, ndipo kumeneko maphunziro ena a pa yunivesite amakonzedwa mwa njira yoti kupita kusukulu ya ana ndi gawo la phunzirolo, osati ganyu ya pambali. Ku Israel kuli Perach, imene inayambira ku Weizmann Institute mu 1974: wophunzira amapatsidwa mwana mmodzi kwa chaka, amakumana naye kawiri pa sabata, ndipo amachotseredwa gawo la fizi. Ndikaziyang'ana zimene zakhalitsa, ndimaona kuti ndalama zake sizidalira ngozi, ndipo pali anthu olembedwa ntchito amene amakhalapo ophunzira akabwera n'kupita.

Zimene zinabwera ndi ndalama za Covid zambiri zinathamangira njira yachidule. Ma district ena anagula ma tutor a pa intaneti, oti mwana akafuna thandizo angotsegula kompyuta usana kapena usiku. Akatswiri ena, mmodzi mwa iwo Susanna Loeb, atafufuza sukulu zina za ku California anapeza kuti ana osakwana mmodzi pa asanu aliwonse ndi amene anatsegulako n'komwe, ndipo otsalira kwambiri ndi amene sankatsegula. Sizinandidabwitse. Mnyamata wa jekete uja sakanatsegula. Ku England nako boma linayambitsa National Tutoring Programme mu 2020 ndipo inatha mu 2024. Kafukufuku waposachedwa akuonetsa kuti ntchitozi zikakula n'kufikira ana masauzande ambiri, phindu lake pa mwana limachepa poyerekeza ndi timapulojekiti ting'onoting'ono toyang'aniridwa bwino. Ine amene ndinakhala ndi kaundula m'manja ndikudziwa kumene phindulo limathera: limadontha pang'onopang'ono, Lachinayi limodzi lero, sabata ya mayeso mawa.

Chaka chachiwiri tinakonza zina. Sindinena kuti tinachita zodabwitsa. Tinalemba ma tutor mu Epulo kuti adinde zala asanapite kutchuthi, ndipo tinayamba pakati pa Seputembala. Tinkafunsa aliyense ngati angalonjeze chaka chathunthu, ndipo tinapempha ofesi yolembetsa maphunziro kuti ma tutor athu azisankha makalasi awo msanga, kuti ateteze ola lawo la kusukulu. Chimenechi chinatenga misonkhano isanu, ndipo chinathandiza kuposa china chilichonse. District inatipatsa mphindi 30 zimene kalasi yonse imakhala ikugwira ntchito m'timagulu, choncho palibe mwana ankaphonya phunziro latsopano. Mphunzitsi wachikulire uja ankatisiyira kapepala Lolemba lililonse kolemba zimene akuphunzitsa sabata imeneyo ndi njira imene akugwiritsa ntchito. Ndipo ndinasiya kuthamangitsa bokosi lobiriwira. Mwana akakhala kuti wagwirana ndi tutor wake, ndinkawasiya kawiri pa sabata, n'kulemba choncho mu lipoti. A ku district sanasangalale nazo kwenikweni, koma sanandichotse ntchito.

Amayi ankafunsabe za minibasi nthawi iliyonse tikamacheza. Tsiku lina anati, "Nanga ana a ku Chanco aja sangachite zimenezi?" Ndakhala ndikuliganizira funsoli. Ophunzira ambiri a ku Zomba amagona ku Chikanda, pakati penipeni pa ana a pulayimale ndi a CDSS amene akulimbana ndi masamu, ndipo safuna kabasi kuti akafike pasukulu. Ambiri akuvutika ndi fizi ndi chakudya, ndipo ena akuchititsa kale part time kuti apeze ya ndiwo. Njira ngati ya Perach, yochotsera munthu gawo la ngongole yake ya sukulu akaphunzitsa mwana chaka chathunthu, imamveka ngati inasokedwera ife. Koma ndikakumbukira makalendala awiri aja patebulo la kukhitchini ndimazizidwa. Ngati ku America, kumene tsiku lotsegulira limadziwika zaka ziwiri zisanafike, tinkalephera kukwanitsa masabata 20, nanga kwathu kumene semesita imatha kusuntha ndi miyezi? Ndipo m'kalasi ya ana 100 mungasankhe atatu ati? Ndinawauza amayi zonsezi. Anati, "Iwe umaganiza kwambiri. Bambo ako ankangoyala mphasa."

Ndalama za Covid zinali ndi tsiku lake lothera, kumapeto kwa Seputembala 2024. Tinkadziwa kuyambira pachiyambi, komabe uthenga utabwera mu Epulo woti district silipiranso kabasi ndi malipiro a woyang'anira, tinakhala ngati tadzidzimuka. Malipiro a ma tutor akanapitirira, poti work-study ilipobe. Chimene chinasowa ndi mafuta, inshuwalansi, ndi munthu wowerenga mitu. Yunivesite inati ophunzira amene ali ndi galimoto zawo akhoza kumapitabe. Mwa ma tutor athu onse, amene anali ndi galimoto anali atatu, poti munthu woyenera work-study nthawi zambiri ndi amene alibe galimoto.

Mnyamata uja anali atafika giredi 5. Kumayambiriro kwa chaka chachiwiricho ndinali nditapita ndekha kwa mtsikana wa uinjiniya uja kukamupempha kuti abwerere kwa iye, ndipo ndinamuuza chilungamo kuti amene anawalekanitsa ndine. Anavomera. Mnyamatayo anatenga pafupifupi mwezi asanayambe kumuyankhula bwinobwino, ndipo funso lake lija sanalifunsenso. Ankangonyamuka belu likalira. Masamu ake anakwera ndithu, osati modabwitsa, koma moti mphunzitsi wake watsopano anasiya kumuika m'gulu la otsalira kwambiri.

Tsiku lomaliza linali Lachinayi, sabata yoyamba ya Meyi. Tinabweretsa makeke ndi timasatifiketi tosindikiza pa pepala lolimba. Mtsikanayo anali atandifunsa m'kabasi kuti amuuze chiyani, poti iye ankapita kukagwira ntchito yoyeserera ku fakitale ina kutali, ndipo chaka chotsatiracho kunalibe kabasi. Ndinamuuza kuti anene zoona. Ndinawaona patebulo lawo lija akulankhula motsitsa mawu, mnyamatayo akugwedeza mutu, akudya keke. Belu litalira anatenga satifiketi yake, anaipinda patatu mosamala kwambiri, mbali zonse zofanana, n'kuiika m'thumba la jekete.

Pobwerera anthu anali chete. Ndinawatsitsa pakhomo lomwe lija, ndinakathira mafuta mpaka kudzaza monga lamulo la ofesi ya magalimoto linkanenera, ndinalemba mamailo m'kabuku, n'kukapereka makiyi pawindo. Bambo wa pawindopo anandifunsa ngati ndikufuna kusungitsiratu kabasi komweko ka mu Seputembala, poti ka mipando 12 kamatha msanga. Ndinawauza kuti ayi, akhoza kupatsa ena.